Ndodo zowedzera: galanti yosafika pa Mlare ndi pepala chabe

Sabata yatha ndili pa Mlare, mnyamata wina amene amagulitsa mbedza, thwaini ndi mabatire pa benchi m'mbali mwa msewu wa M1 anandikoka dzanja n'kundionetsa foni yake. Munali zithunzi za ndodo zowedzera zakunja, zonyezimira ngati galimoto yongotsika kumene, zolembedwa maina a Shimano, Daiwa, Penn ndi Okuma. Munthu wina wa ku Dar es Salaam anali atamulonjeza kuti amutumizira ndodo khumi pa basi, pa mtengo wopikulira, iliyonse ndi galanti ya chaka chathunthu.

"Adada, pamenepa kampani yolimba ndi iti? Ndikufuna ndiikepo ndalama yonse imene ndapeza chaka chino," anatero.

Ndinamuyankha pompo, koma funso lakelo si la iye yekha. Zithunzi zoterezi zikuyenda m'mafoni a amalonda kuyambira ku Kaporo mpaka ku Chilumba, ndipo mpamba wa anthu ukhoza kumira nazo. Maganizo anga ndi awa. Katundu aliyense wowedzera muzimufunsa mafunso atatu musanatulutse ndalama: wapangidwa bwanji, akhala nthawi yaitali bwanji m'manja mwa msodzi wa kuno, ndipo akathyoka mudzagogoda pakhomo la yani. Pa atatuwa, lachitatu ndilo lalikulu, ndipo ndilo limene ambirife timaliiwala tikaona dzina lotchuka.

Ndodo zimenezi anapangira nyanja iti?

Tiyambe ndi kudziwa chimene akukugulitsani. Ndodo zimene zinali m'foni ya mphwangayo ndi za kawedzedwe kamene azungu amati jigging. Msodzi amaimika boti pamadzi akuya, n'kuponya chitsulo chonyezimira chooneka ngati kansomba, cholemera magalamu 150, 300 mwinanso kuposa. Chikafika pansi amachikoka monjanjamiza, kuti nsomba yolusa iziona ngati inzake yovulala ikuthawa. Ndodo yake imakhala yaifupi, mita imodzi ndi theka kapena kuposerapo pang'ono, yonenepa kuchigwiriro. Anaipangira zinsomba za m'nyanja zamchere monga tuna, zimene zina zimalemera kuposa thumba la chimanga.

Nanga kwathu kuno? Nyanja ya Malawi ndi yakuya ndithu, malo ena imafika mamita 700, koma kupitirira mamita pafupifupi 250 kulibe mpweya woti nsomba n'kukhalako. Zimene timagwira ndi mbedza ndi ncheni, kampango, bombe ndi mpasa. Ncheni ndi nsomba yoti mwana amanyamula ndi dzanja limodzi. Bombe amakula zedi, koma msodzi wa pa Mlare kapena pa Ngara wakhala akumukweza m'bwato ndi chingwe cha m'manja kuchokera nthawi ya agogo ake. Ndalama yeniyeni ya padoko ili mu usipa ndi utaka, zimene zimabwera ndi chilimira, osati ndodo. Choncho musanafunse kuti kampani yolimba ndi iti, dzifunseni kuti adzagula ndani.

Ogula alipo, sindikukana. Kuli malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja amene amabwereketsa ndodo. Kuli aphunzitsi, anamwino ndi ogwira ntchito m'boma amene amakonda kukawedza Loweruka. Koma amenewa ndi owerengeka, ndipo ndodo imene amafuna ndi yapakatikati, osati ya tuna.

Kapangidwe: kaboni kapena faiba

Makampani amene tawatchulawa ndi enieni ndipo ntchito yawo amaidziwa. Shimano inayamba mu 1921 mumzinda wa Sakai ku Japan ikupanga zitsulo za njinga, n'chifukwa chake akabaza amalidziwa dzinali. Zowedzera inayamba kupanga mu 1970. Daiwa ndi ya ku Japan komweko. Penn inayamba mu 1932 ku Philadelphia m'dziko la America ndipo inatchuka ndi zokulungira chingwe. Okuma ndi ya ku Taiwan, ndipo kawirikawiri mitengo yake imakhala yotsikirapo. Palinso Ugly Stik, ndodo imene kampani ya Shakespeare ya ku America inatulutsa mu 1976.

Kusiyana kwenikweni kuli pa chimene anaumbira thupi la ndodoyo. Ndodo zapamwamba za Shimano ndi Daiwa ndi za kaboni. Amakulunga timizere ta kaboni mopingasa kuti ndodo isapotoke nsomba ikamakoka. A Shimano kapangidwe kameneka amakatcha Spiral X, a Daiwa amakatcha X45. Ndodo ya kaboni ndi yopepuka, ndipo nsomba ikangokhudza nyambo dzanja limamva. Koma kaboni sapirira kugundidwa. Ikamenyetseka pa mlomo wa boti pamachitika kamng'alu kosaoneka ndi maso, ndipo tsiku lina idzathyokera pomwepo ili ndi nsomba yaing'ono. Imathyokanso msanga munthu akaiimika chilili pokoka nsomba, chifukwa katundu yense amakatsamira kunsonga.

Faiba ndi yolemera ndipo imamva mochedwa, koma imakhululuka. Ikhoza kupondedwa, kugwa pa kabaza, kukanikizidwa ndi zidebe za usipa, n'kukhalabe. Ugly Stik inatchuka chifukwa chosakaniza ziwirizi, kaboni ndi faiba, n'kuika nsonga ya faiba yokhayokha. Tsono ganizirani mmene katundu amakhalira m'bwato la kuno usiku wa mwera: nkhafi, nyali, chidebe chokapira madzi, miyendo ya anthu, zonse malo amodzi. Ndodo yodula kwambiri ndiyo imene imafa msanga m'malo otere. Kwa msodzi wa pa Mlare, ya faiba kapena yosakaniza ndiyo yolimba, ngakhale kuti m'mabuku a kampani ili m'munsi.

Chachiwiri ndi timphete todutsa chingwe. Pa ndodo zabwino timphete timakhala ta kampani ya Fuji ya ku Japan kapena tofanana nato, tokhala ndi kamkombero kosalala ngati galasi m'kati. Kamkomberoka kakang'aluka kamadya chingwe pang'onopang'ono mpaka nsomba kupita nayo mbedza. Kuyeza kwake n'kosavuta: tengani thonje, limene kuno sitisowa, mulidutsitse m'kamphete kalikonse. Likakodwa, kamphete n'kong'aluka. Yang'ananinso ulusi umene anamangira kampheteko ngati guluu waphimba bwino popanda thovu.

Pano pali ndalama yoti mupulumutse. Gawo lina la mtengo wa ndodo za jigging limapita ku zitsulo zosachita dzimbiri m'madzi amchere. Nyanja yathu ilibe mchere. Adani a katundu kuno ndi dzuwa la Karonga, limene limaumitsa nayiloni ndi kufooketsa guluu, komanso mchenga, umene umalowa m'malo olumikizira ndodo n'kumawadya. Kulipira chitetezo cha mchere kuli ngati kugula jekete la ku Nyika pokakhala pa Mlare mu Okutobala.

Chachitatu ndi polumikizira. Ndodo ya thupi limodzi ndi yolimba koma yovuta pa minibasi. Ya zigawo ziwiri ndi yabwino ngati zigawozo zikulowana zolimba osagwedera. Ija yolowetsana ngati mlongoti wa wailesi ndiyo imakopa maso pabenchi, komanso ndiyo imabwera ndi milandu. Ine ndinaphunzira ndi thumba langa. Zaka zapitazo ndinaoda zoterozo zisanu ndi imodzi kutsidya kwa Songwe, zolembedwa dzina lalikulu. Mwezi usanathe, zinayi zinabwerera zitang'ambika polumikizira. Nditabwerera nazo kumene ndinagula, mwini sitolo anandiuza mwaulemu kuti katundu amene wadutsa malire sabwerera. Ndinabweza ndalama za anthu anayi kuchokera mu mpamba wanga. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Dzina pandodo si umboni

Ndodo zapamwamba za makampani amenewa kwawo komweko zimagulidwa madola mazana angapo imodzi. Onjezanipo thiransipoti, msonkho wa pa Songwe ndi phindu la amene wakugulitsani. Kumbukiraninso kuti kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndiye wina akakupatsani ndodo yolembedwa Saltiga kapena Ocea Jigger pa mtengo wa nkhuku zitatu, musafunse zambiri. Mwagula zilembo, ndodoyo ndi ina.

Musanamizidwenso ndi dzina la dziko. Makampani aakuluwa ndodo zawo zambiri amapangira ku China, Vietnam ndi Indonesia, m'mafakitale amene iwo amayang'anira. Kulembedwa China sikutanthauza feki, ndipo kulembedwa Japan sikutanthauza orijino. Ndodo yeniyeni imalembedwa pathupi nambala ya mtundu wake, kutalika kwake, kulemera kwa chitsulo chimene ingaponye ndi kukula kwa chingwe chake. Lembani nambalayo pa intaneti muone ngati kampaniyo ili ndi mtundu wotero, ndiponso ngati chithunzi chikufanana ndi chimene mwagwira.

Galanti: werengani mtunda, osati zaka

Tsopano funso lalikulu lija. Pa pepala, magalanti amasiyana. Ndodo zambiri za makampani a ku Japan zimakhala ndi ya chaka chimodzi, ndipo kwawoko ikathyoka umapita ndi khadi lake kusitolo, n'kulipirako ndalama ina kuti akupatse chigawo chatsopano. Ugly Stik ku America imalonjeza zaka zisanu ndi ziwiri pa ndodo zake zina. Munthu akangowerenga zaka, anganene kuti wapambana ndi wa zisanu ndi ziwiriyo.

Koma magalanti onsewa ali ndi mfundo zofanana. Amafuna lisiti ya sitolo imene kampani inavomereza. Amateteza zolakwika za kufakitale zokha, osati ndodo yopondedwa, yotsekeredwa pachitseko cha minibasi kapena yothyoka chifukwa chokoka molakwika. Kawirikawiri amagwira ntchito m'dziko limene ndodoyo inagulidwa, ndipo ndalama yotumizira katundu wothyokayo ndi ya mwiniwake.

Tsono imani pa Mlare ndi ndodo yothyoka m'manja muwerenge ulendo. Minibasi mpaka pa boma la Karonga, ina mpaka pa Songwe, kuwoloka kupita ku Kasumulu, kenako basi ya makilomita oposa 800 kukafika ku Dar es Salaam. Mukafika, mwina amene anakugulitsani ndi wa pafoni chabe, alibe sitolo, ndipo iyenso anapikula kwa wina. Ulendo wokhawo wadya mtengo wa ndodo, osawerengera masiku amene benchi yanu yatsekedwa. Galanti ya zaka zisanu ndi ziwiri imene ili kutsidya kwa nyanja zamchere imachepa mphamvu poyerekeza ndi ya masiku makumi atatu ya sitolo ya pa Karonga kapena ku Mzuzu, imene mwini wake mumamudziwa nkhope. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo.

Asodzi nzeru imeneyi anaidziwa kale pa injini. Funsani padoko lililonse chifukwa chimene eni maboti amakakamira Yamaha Enduro chonsecho pali mainjini ena otsika mtengo. Sadzakuuzani za pepala la galanti. Adzakuuzani kuti ikafa m'mawa, makaniko amene amaidziwa ali pafupi, sipeyala ikupezeka, ndipo madzulo boti labwerera pamadzi. Galanti yeniyeni ndi imeneyo: munthu ndi sipeyala zimene mungazifikire tsiku lomwelo. Ndodo, nyali, mbedza ndi chingwe muziziyeza ndi muyeso womwewo.

Palinso lamulo. Kugula m'dziko muno kumakupatsani pothawira. Tili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission lakhala likuchenjeza amalonda kuti mawu aja akuti katundu akagulidwa sabwezedwa saloledwa ngati katunduyo ndi woonongeka. Lamuloli limakutetezani inu kwa wopikulitsa wa m'Malawi, ngati muli ndi lisiti. Koma lomwelo limatetezanso kasitomala wanu kwa inu. Mukaoda kunja kwa munthu wosadziwika, mumakhala pakati: kutsogolo kasitomala ali ndi ufulu wokubwezerani, kumbuyo mulibe wom'bwezera.

Kumene kuli ndalama ya tsiku ndi tsiku

Wina anena kuti, adada, asodzi athu ndi osauka, amafuna zotchipa, ndipo ine mpamba wanga ndi wochepa. N'zoona. Sindikunena kuti muzigulitsa zodula. Ndikunena kuti muzigulitsa zoyesedwa, ndipo muyambire pa zimene zimatuluka tsiku lililonse, zomwe ndi mbedza, chingwe, mtovu ndi thwaini wosokera maukonde.

Mbedza nazonso zili ndi eni ake. Mustad ya ku Norway ndi dzina lakale limene asodzi achikulire amalidziwa. Kulinso VMC ya ku France, Owner ndi Gamakatsu za ku Japan. Koma bokosi limakopedwa mosavuta kuposa ndodo, choncho yesani mbedza yeniyeniyo. Itengeni ndi pulayala muikoke ngati mukuitambasula. Yabwino imalimbalimba n'kubwerera m'malo mwake. Yofewa imawongoka n'kukhala choncho. Yopsereza imathyoka ngati singano. Kenako kandani nsonga yake pachikhadabo: yakuthwa imakola, yobuntha imatsetsereka. Siyani zitatu m'kapu ya madzi a m'nyanja masiku atatu muone dzimbiri.

Tiyerekeze ndi masamu, inu muikepo mitengo ya pamsika wanu. Bokosi la mbedza 100 zotchipa mwapikula K6,000, la zabwino K10,000. M'bokosi lotchipalo mbedza 30 n'zofewa. Pa pepala mwapulumutsa K4,000. Koma msodzi amene kampango wake wawongola mbedza n'kupita sataya mbedza yokha. Wataya nsomba ya ndalama zoposa bokosi lonselo, ndipo padoko nkhani imayenda msanga kuposa boti la injini. Mawa anzake asanu akagula pabenchi ina. K4,000 ija mwaigula ndi makasitomala asanu ndi mmodzi.

Chingwe cha nayiloni musachiyanike padzuwa pabenchi. Ikani mpukutu umodzi woonetsa, ina yonse m'katoni pamthunzi. Poyesa, mangani mfundo n'kukoka, chifukwa nayiloni yakale imadukira pamfundo. Chingwe choluka chimene chimayenda ndi ndodo za jigging n'cholimba kwambiri, koma musachigulitse kwa wowedza ndi manja. Sichitamuka, ndipo nsomba yaikulu ikakoka chimacheka zala ngati lumo.

Chenjezo lina ndi ili. Amene amagulitsa ndodo pafoni nthawi zambiri amakhalanso ndi maukonde aja a nayiloni ya ulusi umodzi, oonekera ngati galasi. Chingwe cha mbedza cha nayiloni chilibe mlandu, koma maukonde amenewo ndi oletsedwa m'Malawi. A nthambi ya zausodzi pamodzi ndi makomiti a m'madoko amalanda n'kuwotcha. Katundu amene angawotchedwe pamaso panu alibe galanti ya mtundu uliwonse.

Galanti ikhale yanu

Ngati mwaonadi kuti ndodo zili ndi msika kwanuko, yambani ndi ziwiri, osati khumi. Zikhale za faiba kapena zosakaniza, zapakatikati, zochokera kusitolo imene mungapiteko n'kubwera tsiku limodzi kapena awiri. Imodzi mupatseni msodzi amene mumamukhulupirira aigwiritse ntchito nyengo yonse ya mwera, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Ikatuluka yamoyo, odani zina. Wofuna yodula ya dzina lalikulu ayambe wapereka theka la ndalama, ndipo mumuuze poyera kuti galanti ya kampani kuno siifika.

Musanalipire kwa wopikulitsa, mufunseni zinthu zitatu ndipo mayankho alembe kuseri kwa lisiti: ikathyoka ndibweze kwa yani, pasanathe masiku angati, ndipo thiransipoti alipira ndani. Akayamba kuzungulira, mwayankhidwa kale. Safunsa anadya phula.

Kenako perekani galanti yanuyanu, yaing'ono koma yoona. Yesani ndodo pamaso pa kasitomala. Mangani chingwe ku chigubu cha madzi cha malita awiri, adzikwezere yekha pang'onopang'ono aone mmene ikupindikira. Dutsitsani thonje m'timphete iye akuona. Lembani pa lisiti kuti m'masiku asanu ndi awiri, kamphete kakachoka kapena polumikizira pakang'ambika mudzakonza kapena kusintha, koma yopondedwa ayi. Sungani timphete ta kunsonga tingapo, ulusi ndi guluu wosakaniza pawiri uja. Kukonza nsonga ndi ntchito ya mphindi zochepa, ndipo ndi geni payokha. Poika mtengo, werengerani ngati kuti pa ndodo khumi imodzi idzabwerera, kuti ikabwereradi isadye mpamba.

Ena adzati kupereka galanti n'kudziputira milandu. Ine ndikuti milanduyo ilipo kale, chifukwa kasitomala wa pa Mlare sadziwa njira ya ku Sakai kapena ku Philadelphia, amadziwa benchi yanu. Ndi bwino mugwirizane malire ake lero muli kuseka, kusiyana ndi kudzakangana mawa anthu atakuzungulirani. Ndiponso chimenechi ndicho wa pafoni sangakulandeni. Iye akhoza kukuposani pa mtengo, koma sangakhale pa Mlare Lolemba m'mawa kamphete katachoka.

Mphwanga uja ndinamuuza kuti pa mafunso a kapangidwe, Shimano ndi Daiwa zenizeni ndi ndodo zabwino kwambiri, koma za nyanja ina ndi thumba lina. Pa kupirira nkhanza za m'bwato, faiba imaziposa. Pa galanti, palibe ndi imodzi yomwe m'foni mwakemo imene ikanamuthandiza. Ndinamulangiza kuti magawo atatu mwa anayi a ndalama yake aike pa mbedza zoyesedwa, chingwe ndi thwaini, lotsalalo ayesere ndodo ziwiri. Anakhala chete pang'ono, kenako anandifunsa ngati ndili ndi pulayala m'chikwama. Tinayamba ndi bokosi limene linali pabenchi pake pomwepo, ndipo pa mbedza khumi zoyamba, zitatu zinawongoka.